Kukonza Windows ya pakompyuta chimbale chake chitasowa

KABWE – Makompyuta ochuluka ndithu amene akugwira ntchito m'masukulu, m'maofesi a mipingo, m'timasitolo tolembera makalata ndiponso m'manja mwa ophunzira m'tauni ya Kabwe anagulidwa atagwirapo kale ntchito kwina, ndipo anafika opanda chimbale chilichonse. Tsiku limene kompyuta yotere yakana kutseguka, mwini wake amafunsidwa chimbale cha Windows. Akalephera kuchipeza, njira imene amapatsidwa mwamsanga ndi yofufuta zonse n'kuyambiranso, chimene amisiri amati kufomata. Apa ndi pamene zotsatira za mayeso a ana, mabuku a ndalama za gulu ndi kafukufuku amene wophunzira walemba chaka chathunthu zimatayikira.

Komatu chimbale chinaleka kale kukhala chofunika pa ntchito imeneyi. Kuyambira pa Windows 7, zida zokonzera zimakhala m'kati mwa kompyuta momwemo, ndipo pamene zidazo zalephera, fulashi wamba imalowa m'malo mwa chimbale.

Pulogalamu yoyendetsa kompyuta

Kompyuta iliyonse ili ndi mbali ziwiri: zitsulo zogwirika ndi manja, ndi mapulogalamu. Pakati pa mapulogalamuwo pali imodzi yaikulu imene imalamulira kiyibodi, sikirini, pulinta ndi mapulogalamu ena onse. Pa Chingerezi amaitchula kuti operating system. Yofala kwambiri m'Zambia ndi Windows ya kampani ya Microsoft ya ku America. Zina ndi macOS ya kampani ya Apple, ndiponso Linux, imene ndi yaulere.

Pulogalamu yaikuluyi imasungidwa pa hard disk kapena pa SSD, malo omwewo amene pamakhala mafayilo a mwini kompyuta. Mfundo yoyenera kuigwiritsitsa ndi yakuti Windows ikaonongeka, sikuti mafayilo aonongeka nawo limodzi. Zili ngati nyumba imene loko wa pakhomo wafa: katundu ali m'kati bwinobwino, ndipo mwini nyumba amakonza loko, sagwetsa chipupa.

Mmene zimbale zinasowera

M'nthawi ya Windows XP, imene inatulutsidwa pa 25 Okutobala 2001, kompyuta yatsopano inkabwera ndi chimbale cha CD. Patapita zaka, makampani opanga makompyuta anayamba kusunga kope la Windows m'gawo lobisika la hard disk m'malo mopereka chimbale. Windows 8 itafika mu 2012, nambala ya laisensi, imene kale inkalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa laputopu kapena pambali pa bokosi la kompyuta, inayamba kuikidwa m'kati mwa bolodi ya kompyuta. Lero malaputopu ambiri alibe n'komwe polowetsera chimbale.

Ku Kabwe, monganso m'matauni ena a m'dziko muno, palinso chifukwa china. Makompyuta ambiri amachokera m'masitolo a ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kum'mwera, atagwirapo ntchito m'maofesi a ku Ulaya ndi kwina. Ena anafika m'masukulu a m'Zambia kudzera m'mabungwe othandiza monga Computer Aid International la ku Britain ndi Camara Education la ku Ireland. Kompyuta ikadutsa m'manja atatu kapena anayi, zimbale ndi mapepala ake zimatsalira m'njira.

Kufunika kwa makina amenewa n'kwakukulu. Kabwe ndi likulu la chigawo cha Pakati ndiponso la kampani ya sitima za pamtunda ya Zambia Railways. Ophunzira a pa Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa mu 2008, a pa Kwame Nkrumah University ndi a pa Kabwe Institute of Technology amadalira laputopu polemba ntchito zawo. M'masukulu a sekondale, kuchepa kwa makompyuta kunaonekera poyera mu Novembala 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a pamanja a phunziro la makompyuta. M'masukulu ena m'dziko muno ana anadikira mpaka usiku chifukwa makina anali ochepa ndipo magetsi ankazima. Pasukulu imene ili ndi makompyuta khumi okha, imodzi ikafa ndiye kuti ana ambiri asowa pophunzirira.

Zimene zimaononga Windows

Choyamba ndi kuzima kwa magetsi mwadzidzidzi. Kompyuta ikazima pamene ikulemba mafayilo ake, makamaka pamene ikulandira zosintha zochokera ku Microsoft, mafayilo ena amatsala olembedwa theka. Vutoli linakula m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024, pamene madzi anachepa m'nyanja ya Kariba ndipo kampani ya ZESCO inkagawa magetsi mosinthanitsa. Mu 2024, chaka chimene boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, madera ambiri ankakhala maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku opanda magetsi.

Chachiwiri ndi mavairasi, amene amayenda kwambiri kudzera m'mafulashi ochoka pakompyuta ina kupita pa ina m'malo osindikizira mapepala. Chachitatu ndi kukalamba kwa hard disk. Chachinayi ndi fumbi, limene limatseka fani mpaka kompyuta kumatentha ndi kumazima yokha. Chachisanu ndi mphenzi za m'dzinja, zimene zimalowa kudzera m'mawaya a magetsi.

Nthawi zina vuto limachokera kwa opanga mapulogalamu eniake. Pa 19 Julayi 2024, zosintha zolakwika za kampani ya CrowdStrike zinaimitsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni pa dziko lonse, ndipo ndege, mabanki ndi zipatala zinasokonezeka. Makinawo sanakonzedwe ndi zimbale ayi. Anakonzedwa ndi zida za m'kati mwa Windows ndiponso ndi fulashi, njira zomwezo zimene mmisiri wa ku Kabwe angathe kugwiritsa ntchito.

Ntchito yoyamba ndi kupulumutsa mafayilo

Asanakonze chilichonse, munthu ayenera kukopera mafayilo ofunika pamalo ena. Ngati kompyuta ikutsegukabe, ngakhale mochedwa, ntchitoyi ichitike nthawi yomweyo pa fulashi kapena pa hard disk yakunja. Ngati yakaniratu, pali njira zitatu.

Yoyamba ndi kuyatsa kompyutayo kudzera pa fulashi imene ili ndi Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Posankha mawu akuti Try Ubuntu, pulogalamuyo imagwira ntchito kuchokera pa fulashi popanda kuikidwa pa hard disk, ndipo mafayilo amaoneka n'kukopedwa. Yachiwiri ndi kutulutsa hard disk m'kompyuta yodwalayo ndi kuilumikiza ku kompyuta ina ndi kachingwe ka USB. Yachitatu ndi kulowa mu Command Prompt ya zida zokonzera, kulemba mawu akuti notepad, ndi kugwiritsa ntchito kawindo kotsegulira mafayilo pokopera zinthu pa fulashi.

Pali chenjezo limodzi. Makompyuta ambiri atsopano amakhoma hard disk ndi loko wotchedwa BitLocker, ndipo Windows 11 ya mtundu wa 24H2 imachita zimenezi yokha pamakina ambiri ikaikidwa mwatsopano. Hard disk yokhomedwa imatseguka ndi nambala ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kugwiritsa ntchito kompyutayo. Popanda nambalayi, ngakhale mmisiri waluso sangawerenge mafayilo. Wogula laputopu kwa mnzake ayenera kufunsa za nambalayi pa tsiku logula.

Kuyamba ndi zazing'ono

Si uthenga uliwonse woopsa umene umatanthauza kuti Windows yafa. Mawu akuti NTLDR is missing pa Windows XP, kapena BOOTMGR is missing pa Windows 7, nthawi zambiri amabwera chifukwa fulashi yaiwalika m'kompyuta ndipo makina akufuna kuyakira pa fulashiyo. Kuchotsa mafulashi onse, pulinta ndi zina zolumikizidwa, kenako n'kuyatsanso, kumathetsa mavuto ambiri otere.

Ngati kompyuta ikuonetsa tsiku ndi chaka cholakwika nthawi iliyonse ikayatsidwa, ndiye kuti kabatire kakang'ono kozungulira ka pa bolodi katha mphamvu. Pamakompyuta ambiri kabatireka ndi ka mtundu wa CR2032, ndipo kamagulitsidwa m'masitolo a zamagetsi. Kakatha, kompyuta imatha kuiwala dongosolo la poyakira, n'kumaoneka ngati Windows yasowa pamene ilipo.

Zida za mu Windows 10 ndi Windows 11

Mitundu iwiriyi ili ndi malo okonzera otchedwa Windows Recovery Environment. Kompyuta ikalephera kutseguka kawiri motsatizana, imalowa yokha m'malo amenewa. Munthu angathenso kuikakamiza pogwira batani loyatsira mpaka izime pamene chizindikiro cha Windows changoonekera, ndi kubwereza zimenezi kawiri kapena katatu. Ngati kompyuta ikufika pofunsa pasiwedi, njira yapafupi ndi kugwira batani la Shift podina Restart.

Pa sikirini imene imaonekayo, munthu amasankha Troubleshoot, kenako Advanced options. Pamenepo pali zida zingapo, ndipo ndi bwino kuziyesa kuyambira pa chofatsa kupita pa chaukali.

Startup Repair imafufuza ndi kukonza yokha mafayilo oyatsira kompyuta. Uninstall Updates imachotsa zosintha zomaliza ngati vuto linayamba zitangolowa. System Restore imabwezera Windows mmene inalili pa tsiku lina m'mbuyomo popanda kukhudza makalata ndi zithunzi, koma imathandiza pokhapokha ngati inali yotsegulidwa vuto lisanachitike. Startup Settings imapereka mwayi wolowa mu Safe Mode podina nambala 4. Mu Safe Mode, Windows imadzuka ndi zinthu zochepa zofunika zokha, motero pulogalamu kapena dalaivala imene yabweretsa vuto ingathe kuchotsedwa.

Pamene Windows ikutseguka koma ikuchita zachilendo, pali malamulo atatu olembedwa mu Command Prompt yotsegulidwa ndi mphamvu za administrator. Lamulo la chkdsk C: /f limakonza dongosolo la mafayilo pa hard disk. Lamulo la DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth limakonza nkhokwe imene Windows imasungamo makope a mafayilo ake, ndipo limafuna intaneti. Pambuyo pake, lamulo la sfc /scannow limayendera mafayilo a Windows n'kubwezeretsa oonongeka kuchokera m'nkhokwemo. M'masiku a XP, lamulo lomalizali ndi limene linkapempha chimbale. Lero silichifunanso.

Zonsezi zikakanika, patsala Reset this PC. Kusankha Keep my files kumaikanso Windows mwatsopano n'kusiya mafayilo a munthu, koma mapulogalamu onse amene anaikidwa pambuyo pake, monga Microsoft Office, amachoka. Kusankha Remove everything kumafufuta zonse. Kuyambira mu 2020, munthu amafunsidwanso ngati akufuna Local reinstall, imene imagwiritsa ntchito mafayilo a m'kompyuta momwemo, kapena Cloud download, imene imatenga Windows yatsopano pa intaneti ndipo imadya bandulo yoposa 4 GB. Ntchitoyi imatha kutenga maola angapo, choncho iyambidwe pamene magetsi ali odalirika ndipo laputopu ili pa chaja.

Windows 7 ndi Windows XP

Makina akale akadalipo m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono. Pa Windows 7, imene inatuluka pa 22 Okutobala 2009, munthu amadina F8 mobwerezabwereza kompyuta ikangoyatsidwa. Pa mndandanda umene umabwera pali Safe Mode, pali Last Known Good Configuration imene imabwezera makonzedwe a tsiku limene kompyuta inatseguka bwino komaliza, ndiponso Repair Your Computer, mmene muli Startup Repair ndi System Restore. Mu Command Prompt ya momwemo, malamulo a bootrec /fixmbr, bootrec /fixboot ndi bootrec /rebuildbcd amakonza poyambira kompyuta. Ngati Repair Your Computer sikuoneka, chimbale chokonzera chingathe kupangidwa pakompyuta ina iliyonse ya Windows 7 posankha Create a system repair disc, malinga zonse ziwiri zikhale za 32-bit kapena zonse za 64-bit.

Windows XP ndiyo yovuta. F8, Safe Mode ndi System Restore zilipo, koma chida chachikulu chotchedwa Recovery Console chinali pa chimbale. Pamakompyuta ambiri muli foda yotchedwa i386, imene ndi kope la mafayilo a pachimbalecho. Windows ikapempha chimbale, nthawi zambiri imakhutira ikalozeredwa ku foda imeneyi. Wobwereka chimbale cha XP adziwe kuti chiyenera kufanana ndi laisensi yake: nambala ya Home sigwira pa Professional, ndipo nambala ya pa kapepala ka kampani yopanga kompyuta sigwira pa chimbale cha mtundu wogulitsidwa m'sitolo.

Microsoft inaleka kuteteza Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndi Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023. Makina otere angathe kulemba makalata ndi kusindikiza, koma si abwino kuwalumikiza ku intaneti kapena kuwagwiritsa ntchito pa za banki. Vairasi ya WannaCry ya mu Meyi 2017, imene inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, inalowera pa mpata umene unali m'makina osalandira zosintha.

Gawo lobisika la kampani

Makompyuta ambiri a m'nthawi ya Windows Vista, 7 ndi 8 ali ndi gawo lobisika limene limabwezera makina mmene analili potuluka m'fakitale. Batani lolowera limasiyana malinga ndi kampani. Pa HP ndi F11, pa Acer ndi Alt pamodzi ndi F10, pa Asus ndi F9, pa Toshiba ndi kugwira nambala 0 poyatsa, ndipo pa malaputopu ambiri a Lenovo pali kabatani kapadera kotchedwa Novo. Njirayi imabwezanso madalaivala onse, koma kawirikawiri imafufuta mafayilo a munthu. Komanso, ngati kompyuta inafomatidwapo kale isanagulitsidwe, gawoli mwina linachotsedwa.

Fulashi m'malo mwa chimbale

Pamene zida za m'kati zafa nazo, pamafunika kompyuta ina yamoyo, intaneti ndi fulashi yosachepera 8 GB. Microsoft inatulutsa kapulogalamu kaulere kotchedwa Media Creation Tool pamodzi ndi Windows 10 mu 2015, ndipo kaliponso ka Windows 11. Kapulogalamuka kamatenga Windows kuchokera ku kampaniyo n'kuilemba pa fulashi. Njira ina ndi kutenga fayilo ya ISO ku Microsoft komweko ndi kuilemba ndi kapulogalamu kaulere ka Rufus. Njira zonse ziwiri zimafufuta zimene zinali pa fulashiyo.

Fayilo ya Windows 11 imaposa 5 GB. Kwa wogwiritsa ntchito bandulo ya Airtel, MTN kapena Zamtel, ndalama yake si yochepa, koma fulashi imodzi ikapangidwa imakonza makompyuta ambiri. Sukulu kapena ofesi iyenera kukhala nayo imodzi yosungidwa m'kabati.

Kuti kompyuta iyakire pa fulashi, munthu amadina batani la mndandanda wa poyakira ikangoyatsidwa: F12 pa Dell ndi pa Lenovo zambiri, F9 pa HP, ndi Esc pa malaputopu ambiri a Asus. Akasankha fulashi ndi chilankhulo, asathamangire kuika Windows yatsopano. Pali mawu akuti Repair your computer, kapena Repair my PC pa Windows 11 yatsopano, amene amatsegula zida zonse zokonzera zija popanda kufufuta kanthu.

Ngati Windows ikutsegukabe, fulashi yomweyo imathandiza m'njira inanso. Kutsegula fayilo ya setup imene ili pa fulashipo, n'kusankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu, kumaika Windows yatsopano pamwamba pa yakale popanda kutaya kanthu. Kufomata kubwere pomaliza penipeni, mafayilo atakopedwa kale ndipo mwini wake atawaona ndi maso ake pamalo atsopanowo.

Laisensi ndi malamulo

Chimene munthu amagula kwa Microsoft si chimbale ayi, koma chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamu. Chilolezocho chimadziwika ndi nambala ya zilembo 25. Pamakina a XP, Vista ndi 7 nambalayi ili pa kapepala komatidwa pakompyuta, ndipo ndi bwino kuijambula ndi foni isanafufutike. Pamakina amene anagulitsidwa ndi Windows 8, 10 kapena 11, nambala ili m'bolodi ndipo imawerengedwa yokha. Pa Windows 10 ndi 11, Microsoft imakumbukiranso kompyuta imene inalembetsedwapo kale, kotero poikanso Windows munthu angasankhe I don't have a product key, ndipo ikalumikizidwa ku intaneti imadzilembetsanso. Chofunika ndi kuika mtundu womwewo: Home pamene panali Home, Pro pamene panali Pro. Mwayi wokwezera laisensi ya Windows 7 kapena 8 kupita pa Windows 10 mwaulere unatsekedwa mu Seputembala 2023.

Zimbale ndi mafulashi a Windows yothyoledwa, pamodzi ndi timapulogalamu tonamiza kuti laisensi ilipo, ndi njira imodzi imene mavairasi amalowera, chifukwa palibe amene amadziwa zimene zinaonjezedwamo. M'Zambia, lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza mapulogalamu a pakompyuta monga mmene limatetezera mabuku ndi nyimbo.

Windows 10 nayo inasiya kulandira zosintha zaulere pa 14 Okutobala 2025, ngakhale kuti Microsoft inakonza dongosolo lapadera la chitetezo la anthu wamba lofika pa 13 Okutobala 2026. Windows 11 imafuna memole yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, ndi pulosesa yatsopanoko, monga za Intel za m'badwo wa nambala 8 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri ogulidwa atagwirapo ntchito safika pa muyezo umenewu.

Linux pamakina akale

Kwa kompyuta imene laisensi yake yasowa kapena imene Windows 11 yaikana, Linux ndi njira yovomerezeka ndi lamulo ndiponso yopanda malipiro. Inayambitsidwa ndi a Linus Torvalds a ku Finland mu 1991. Mtundu wake wodziwika kwambiri, Ubuntu, unayambitsidwa ndi a Mark Shuttleworth a ku South Africa mu 2004, ndipo dzina lake ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi umunthu. Mitundu yake ya LTS imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imatetezedwa kwa zaka zisanu. Lubuntu ndi Linux Mint Xfce ndi zopepuka, zoyenera makina ofooka.

Pa Linux pali LibreOffice, imene imatsegula ndi kulemba mafayilo a Word ndi Excel. Komabe mapulogalamu ena a maakaunti ndi mapulinta ena amagwira pa Windows pokha, choncho ndi bwino kuyesa kaye pa fulashi asanaike. Sukulu ionenso ngati mapulogalamu amene ana amaphunzira ndi kulembera mayeso akupezeka.

Eni makompyuta a Apple nawo safuna chimbale kuyambira mu 2011. Pamakina a pulosesa ya Intel, kugwira Command ndi R poyatsa kumatsegula zida zokonzera, ndipo pamakina atsopano a pulosesa ya Apple munthu amangogwira batani loyatsira mpaka zosankha zioneke.

Pamene vuto si la Windows

Hard disk imene ikulira ngati ikugogoda, kapena imene kompyuta ikuchenjeza za iyo ndi uthenga wa SMART, ili pafupi kufa. Kuikapo Windows ina n'kutaya nthawi, ndipo kuiyendetsa chkdsk kungathe kuimaliza. Mafayilo akopedwe msanga, kenako m'malo mwake muikidwe SSD, imene imapangitsanso kompyuta yakale kuthamanga. Kompyuta imene imazima pa nthawi zosiyanasiyana ndi mauthenga osiyanasiyana ingakhale ndi memole yodwala, ndipo chida cha Windows Memory Diagnostic chimayesa zimenezi.

Kompyuta yotentha imafunika kuchotsedwa fumbi. Ku Kabwe ntchito imeneyi ifunika chisamaliro chapadera. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unapatsa tauniyi dzina lakale la Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomboni oyandikana nawo, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, likadali ndi mtovu wambiri, umene ndi woopsa makamaka kwa ana. Fumbi la m'kompyuta lipemereredwe panja, kutali ndi ana ndi chakudya, wokonzayo ataphimba mphuno ndi pakamwa, ndipo asambe m'manja akamaliza.

Popereka kompyuta kwa mmisiri

Safunsa anadya phula. Mwini kompyuta ali ndi ufulu wofunsa mmisiri kuti vuto ndi chiyani, ngati wayesa njira zosafufuta mafayilo, ndiponso kumene Windows imene akufuna kuikayo yachokera. Agwirizane mtengo ntchito isanayambe, anene momveka kuti pasafomatidwe kanthu popanda chilolezo chake, ndipo alembe nambala ya kompyuta, kukula kwa memole ndi kwa hard disk, kuti potenga aone ngati zonse zilimo. Alandirenso lisiti. Madandaulo a ogula katundu ndi ntchito amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission.

Masukulu, zipatala ndi mabungwe amene amasunga maina, manambala a NRC ndi mbiri za anthu akumbukire kuti lamulo la Data Protection Act la 2021 limawapatsa udindo woteteza zinthu zimenezi. Kompyuta yotere ndi bwino ikonzedwere pamalo pomwepo, wogwira ntchito wa bungwelo akuona.

Kukonzekera vuto lisanafike

Ntchito yaikulu imachitika kompyuta ikadali bwino. Kulemba mawu akuti recovery drive pamalo ofufuzira a Windows 10 kapena 11 kumatsegula chida chopangira fulashi yokonzera, ndipo pamafunika ya 16 GB kapena kuposerapo. Fulashiyo ilembedwe dzina, isungidwe, ndipo isamagwiritsidwe ntchito zina. System Restore itsegulidwe. Nambala ya laisensi ndi ya BitLocker zilembedwe m'buku losungidwa kutali ndi kompyuta.

Mafayilo ofunika akhale m'malo awiri kapena atatu, amodzi mwa malowo akhale kunja kwa nyumba kapena pa intaneti. Wophunzira amene akulemba kafukufuku angathe kudzitumizira kope pa imelo madzulo alionse. Kompyuta ya patebulo ifunika UPS, imene imaisunga yoyaka kwa mphindi zingapo magetsi akazima kuti munthu athe kusunga ntchito yake ndi kuizimitsa bwino. Magetsi akazima, mapulagi azulidwe pakhoma mpaka atabwera ndi kukhazikika, ndipo chimodzimodzi mvula ya mphenzi ikayamba.